Zitsulo za Tenti

Njira ya m'mapiri tinkayenda atatu chaka ndi chaka: ine, mlongo wanga, ndi mwamuna wake, makaniko amene ndimawatcha a Sipanala. Iwo amanditcha a Singano poti ndine telala. Njirayo ndi ya masiku ambiri, yopanda mudzi ngakhale golosale, choncho katundu tinkagawana. Alamu ankasenza nsalu ya tenti, ine mapoto ndi chakudya, mlongo wanga zitsulo zoimikira tentiyo.

Mlongo wangayo atamwalira, alamu anayamba kusowa. Foni osayankha. Ndikapita kugalaja ndinkangolankhula ndi miyendo yawo, thupi lonse lili pansi pa galimoto. Ndinkaopa kuti chilamu chathu tinachikwirira limodzi ndi malemu. Ndinawanyengerera mpaka anavomera kuti tikayendenso.

Tinakwera tsiku lonse, malamba a zikwama akutidya mapewa.

"A Singano, mwatha," anatero alamu. "Mukupuma ngati injini yopanda oyilo."

"Nanga inu? Mimba yafika kale pamwamba, eni ake akadali m'munsi."

Anaseka. Aka kanali koyamba chichitikire maliro, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Dzuwa litapendeka tinafika pamalo athu ogona, pafupi ndi kamtsinje. Nkhungu inkatsika, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Alamu anagwada n'kuyala nsalu ija. Kenaka, osacheuka, anatambasulira dzanja kumbuyo monga ankachitira nthawi zonse kwa mlongo wanga.

"Mayi, zitsulo."

Dzanjalo linakhala m'malere. Kamtsinje kokha n'kamene kankamveka.

"Alamu," ndinatero, "simunatenge?"

Anabweza dzanja pang'onopang'ono n'kulipukuta pa buluku.

"Ndinalongedza zanga, monga mwa masiku onse. Inunso zanu. Zitsulo zili m'chikwama chake, kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Chichokereni iye sindinachigwire."

"Tidule mitengo basi."

"Mitengo iti?"

Ankanena zoona. Kumtunda kumeneko kuli udzu ndi miyala yokha. Tinalowa pansi pa thanthwe n'kufunda nsaluyo ngati bulangete, mvula ikutinyowetsa mapazi. Kutsogolo njira imakwera kumalo ozizira koposa, kosagoneka popanda tenti. Kutacha tinabwerera. Potsika ndinayesa kuwaputa za mimba ija, koma anangopitiriza kuyenda.

Titafika kumsewu, tikudikira lole yoti itikweze, anamasula nsalu ija pachikwama chawo n'kundiikira pamiyendo.

"Khalani nayo."

"Nsalu yokha nditani nayo? Ndisoke malaya? Chabwino, ikhale kwa ine, koma zitsulo zikhale kwa inu. Chaka chamawa mudzabwere nazo, tidzamalize njirayi."

Anayang'ana kuphiri kwa nthawi yaitali. Sindikuwaweruza. Ine ndinataya mlongo, koma sindine ndimagona moyang'anana ndi chitseko chija.

"Ndidzakutumizirani pa basi, alamu," anatero motsitsa mawu.

Mwezi usanathe, kondakitala wina anabwera ndi katundu kushopu kwanga. Sizinali zitsulo zokha ayi. Chinali chikwama chonse, zipi wake osatsegula, kapu ya mlongo wanga ikulendewerabe pa lamba. Ndinawaimbira alamu, foni inangoitana.

Ndinachikoloweka kuseri kwa chitseko cha shopu, pamwamba pa nsalu ija. Nanenso sindinachitsegule.