Ukwati wa Pauline pa Kompyuta Yopsa

Ine sukulu ndinailekeza Sitandade Fili, ndiye musandifunse chimene kompyuta imadya. Koma Lachisanu lapitali ndinapezeka m'shopu ya Kings ku Biwi, nditasenza bokosi la kompyuta ngati wopita kuchigayo.

Kompyutayo ndi ya Ennie, mwana wa mchimwene wanga, amene amakonza mavidiyo a maukwati kwathu ku Kawale. Iye anaikakamiza kuthamanga kuposa mmene anaipangira eni ake, akuti ovakiloko. M'mawa wa tsikulo inangozima, fungo la pulasitiki yopsa lili guu m'nyumba monse. Vidiyo ya ukwati wa Pauline inali isanathe, pomwe mayi ake a Pauline amakwera basi ya ku Joni folo koloko, kukaionetsa kwa abale. Mayi amenewo ndi tcheya wa amayi kutchalitchi. Akangonena kuti Ennie ngwosadalirika, palibenso ukwati wa ku Kawale umene mwanayo angaujambule.

Kings, mwini shopu, anamasula bokosi n'kupukusa mutu.

"Mafayilo alipo, sisi. Koma purosesa yapsa, yapsereza ndi bodi yomwe."

Anandifotokozera kuti purosesa ndiye ubongo, bodi ndi thabwa limene zonse zimakhalapo, memole ndi tinthu tiwiri tangati zipeso.

"Memole yanuyi silowa pa bodi zatsopanozi, mano ake ndi ena."

"Mano? Bwanji osaitengera kwa dokotala?" ndinatero. Palibe anaseka.

Ennie analoza purosesa yaikulu kuposa zonse. "Iyo. Ndiikwezanso liwiro, tithe msanga."

"Mukatenga imeneyo, thumba lanu likulolani bodi yaing'onoyi basi," anatero Kings. "Memole ndikupatsani ziwiri zosiyana makampani, koma zimayenda."

Anamanga, n'kuyatsa. Inayakadi.

"Mwaona, Amayi? Nyamulani," anatero Kings.

Ine ndinakoka mpando n'kukhala, nsapato n'kuvula.

"Mwana wanga, mbaula yatsopano sitiiyesa ndi madzi a tiyi. Timaphikapo nyemba. Iphike ukwati wa Pauline pompano."

"Azakhali, wani koloko yakwana kale!" Ennie anali pafupi kulira.

"Nanga ikakazima ku Kawale, tibwerera kuno ndi miyendo ya ndani?"

Anandiyang'ana ngati andimeze, koma anaiyambitsa. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pa sikirini. Makumi atatu pa zana. Makumi asanu. Mafani oziziritsa kompyuta ankalira ngati minibasi yokwera chitunda. Titadutsa makumi asanu ndi awiri, sikirini inasanduka yabuluu, zonse zii.

Ennie anagwira kachitsulo ka pa bodi, n'kuthawitsa chala.

"Bodiyi siikukwanitsa kudyetsa purosesa yaikulu chonchi," anatero motsitsa mawu, n'kutembenukira kwa Kings. "Achimwene, chotsani. Mundipatse purosesa yapakatiyo, bodi yolimba ija, ndi memole ziwiri zofanana, za paketi imodzi. Liwiro sindikweza."

"Ayi, sisi. Yaikuluyi mwaimatula kale. Ndikaigulitsa bwanji?"

Thu koloko inali itatsala pang'ono. Ndinadzuka, n'kumanga chitenje bwinobwino, n'kukaima pakhomo la shopu.

"Kings, ine ndine woyambitsa nyimbo pamaliro. Mawu anga amafika mpaka ku Mchesi. Ndiyambe kulira maliro a kompyuta pakhomo pako pano?"

Ndinatsokomola kawiri, n'kukweza dzanja. Amakanika a galaja yoyandikana anatembenuka onse.

"Amayi, chonde, lowani!" Sikuludiraiva inali kale m'manja mwake.

Hafu pasiti thu tinayambiranso. Kamzere kankayenda ngati nkhono, ndipo Ennie anatambasula dzanja kuti akwezeko liwiro pang'ono. Ndinamumenya pa dzanjapo. Foni yake inalira katatu, mayi ake a Pauline. Kachinayi ndinayankha ine.

"Ennie ali m'njira, mayi tcheya. Wangoima pa maloboti."

Mulungu andikhululukire, mwanayo anali pambali panga akudya zikhadabo.

Makumi asanu ndi awiri anadutsa. Asanu ndi anayi. Kings yemwe anasiya kupuma. Hafu pasiti fili, kamzere kanadzaza. Ennie anakopera vidiyo pa fulashi, n'kudumphira pa njinga yamoto chipewa chili m'manja.

Folo koloko itangodutsa, foni yanga inalira.

"Azakhali, ndawapeza phazi limodzi lili kale m'basi! Akuti mwezi wamawa pali ukwati wa mwana wa mng'ono wawo, ndikajambule ine."

Ndinayang'ana Kings. "Wamva? Tsopano itanitsa Fanta, kukhosi kwandiuma ndi nyimbo imene sindinayimbe."