Mapazi Otupa a Adada

"Mchere m'ndiwo muja unathira ndiwe, usakane!"

"Ankhazi, ndakhala ndikuthira mchere chiyambire giledi 5. Lero ndiye wayamba kutupitsa anthu?"

"Giledi 5 kunalibe Ezron."

Ankhazi a Faides, mlongo wawo wa adada, anaima pakhomo pa shedi ya fodya akuloza mapazi a adada. Anali atatupadi ngati mabanzi, akakolo osaonekanso. Kwa ankhazi mlandu unali utatha kale: ndi mdulo. Mtsikana akagona ndi mwamuna n'kudzathira mchere m'ndiwo za kholo lake, khololo limatupa. Ndipo mtsikana pakhomo pano ndine ndekha.

Komatu ine ndi Ezron sitinachite kalikonse. Iye amagula mtedza kuno ku Mwase n'kukagulitsa kwawo ku Kasungu. Chachikulu chimene tinachita n'kukwera limodzi njinga yake yamoto kuchokera ku boma, ine nditagwira malaya ake, mphepo ikundidzaza m'kamwa, ndikulakalaka msewu usathe. Anati zotsatira za mayeso zikatuluka adzatuma akwawo. Zotsatirazo sizinatulukebe. Tsopano ankhazi anandiletsa kuphika, anandiletsa kumsika, foni yanga anaimangirira pamfundo ya chitenje chawo. Ndinkangozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira.

Choipitsitsa, ankhazi anawasiyitsa adada timapilisi tawo toyera ta kuchipatala, amulodipini, ta BP ndi kupweteka kwa pamtima. Anati mdulo sumva mapilisi, n'kuyamba kuwawiritsira mizu.

"Adada, nenaniko kanthu!"

Adada anapitiriza kusankha fodya, tsamba ili uku, ili uko. Kenako ananyamuka kuti akweze mtolo pathandala. Sanafike nawo. Anaima, dzanja pachifuwa, thukuta lili kamukamu pamphumi, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Anati chikuwafinya ngati wina wawakhalira, mpaka kumkono wamanzere. Ndinawakupiza ndi katoni kufikira mpweya unabwerera.

"Mwaona?" anatero ankhazi. "Wafika pamtima tsopano."

Ndinawatsomphola foni ija, mfundo n'kumasuka. "Ndikuimbira Ezron, awatengere kuchipatala. Anesi akanene pamaso panu ngati ndi mchere wanga."

"Anesi ananena kale," anatero adada, maso ali pansi.

Tonse tinawacheukira.

"Tsiku lomwe anandipatsa mapilisi. Anati amamasula mitsempha kuti mtima usamavutike kupopa magazi, koma ena amatupa nawo mapazi. Anati zikatero ndibwerere akaone chochita, ndisasiye ndekha."

Ankhazi anagwira pakamwa, akuyang'ana mlongo wawo. "Adumbu! Ndiye munali duu, ine ndikumunyoza mwanayu mudzi wonse ukumva? Mizu yanga n'kumamwa?"

"Mizu yako ndi yowawa, Faides."

"Nanga bwanji, adada?" Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene mwana ayenera kulankhulira. "Kumpopi akundiloza zala. Inu mukanafa pompano!"

Adada anatola tsamba la fodya, n'kuliwongola pabondo nthawi yaitali.

"Ankhazi ako akakutsekera, umakhala pakhomo. Ndimakumva ukuimba kuseri uko. Chimwalirireni amako, nyumba ino ilibenso wina woimba." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Muimbire mnyamatayo, anditengere kuchipatala. Koma Lilly, usapite ku Kasungu chaka chino. Ndimafuna ukhale nane kaye."