Mdzukulu wa Womwa Supu

Mwana wanga Malachy anamenya tebulo mpaka makapu a tiyi anadumpha.

"Nuala sakwatiwa ndi Fintan Scanlon! Mwana wanga akalowe m'banja la omwa supu, ine ndili moyo?"

Nuala, mdzukulu wangayo, anangoti zyoli, misozi ili mbwee. Ine ndinapitiriza kusenda mbatatesi.

"Iwe Malachy, njala yaikulu ija unaiona?"

"Ayi, Mayi, koma Kerry yense, dera lathu lonseli, akudziwa. Agogo ake a mnyamatayo anagulitsa chipembedzo ndi mbale ya supu."

"Kerry yenseyo wabadwa dzulo. Khala pansi, chimimba chakocho chikunditchingira kuwala."

Ndinamuuza mwachidule, poti zolira ndilibe nazo nthawi. M'chaka cha 1847 ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mbatatesi zinawolera m'munda, zakuda bii, fungo lokhalokha. Tinadya ndere za m'nyanja, kenako udzu. Alongo anga awiri tinawaika opanda bokosi. Kumishoni ya Apulotesitanti kunali supu wa nyama, koma ankagawira okhawo olowa tchalitchi chawo, ndipo ankaphika ngakhale Lachisanu, tsiku limene Mkatolika salawa nyama. Gobnait Scanlon, agogo a Fintan, anapita. Bambo anga anakana, ati bola kufa.

"Mwaona? Amenewo ndiye anali amuna!" anatero Malachy, akudzigunda pachifuwa.

"Amuna ati? Tsiku ndi tsiku Gobnait ankabwera kuseri kwa nyumba yathu, atabisa chitini cha supu m'shawelo. Bambo angawo, agogo ako, ankamwa atayang'ana kukhoma, n'kunyambita ndi zala zomwe. Zotsalira zawo ndi zimene zinandisunga ine, kuti iwe ubadwe uzidzamenya matebulo. Njala itatha, Gobnait anabwerera ku Misa. Woyamba kumulavulira pakhomo la tchalitchi anali ndani? Agogo ako omwewo, atavala kolala yoyera mbee."

Malachy anangoti kukamwa yasa, ngati nsomba ya pamsika.

"Nanga bwanji simunanenepo zaka zonsezi, Mayi?"

"Manyazi, mwana iwe. Tsiku limenelo ndinali pambali pawo, nditawagwira dzanja, pakamwa panga pali chete. Gobnait atamwalira, kwathu sikunachoke ndi mmodzi yemwe wopita kumaliro, ngakhale ineyo. Tsono usandifunsenso zambiri, mbatatesi zikundidikira. Tenga chipewa, upite kwa a Scanlon ukawauze kuti ukwati ulipo. Bambo anga analephera, inenso ndinalephera. Iwe chonde kachite bwino kutiposa."