Vepu ya a Cyril ndi Mphepo ya Mwera

Eliness anali atatopa nacho chifuwa cha amuna ake. M'mawa uliwonse maboti akamakocheza ku Yofu, a Cyril ankayamba kumveka kutsokomola asanaoneke n'komwe. Anasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata wopalasa bwato, ndipo chaka chatha fodyayo anawagoneka m'chipatala. Dokotala sanapite m'mbali. Anawauza kuti akayambiranso kusuta, ulendo wina sadzatuluka ndi miyendo yawo.

Anayesa kusiya okha, koma zinakanika. Ndiye mwana wawo Vanessa, amene amagwira ntchito ku Joni, anawatumizira vepu, kachipangizo ka batire kotenthetsa timadzi m'kathanki kuti munthu azikoka nthunzi m'malo mwa utsi wa fodya. M'kathankimo mumakhala koilo, kawaya kokhala ndi thonje, ndipo ikatha ntchito imasinthidwa. Poyamba zinkayenda. Mavuto anayamba atabwera makoilo atsopano pa sitima yapamadzi. Iliyonse inkapsa isanakhalitse, ndipo chifuwa chija chinabwereranso ngati mlendo wodziwa njira.

Tsiku lina Eliness akufuna singano m'chitini cha mbedza, anapezamo kaphukusi ka chingambwe. Sanakwiye. Mkwiyo umafuna mphamvu, iye analibe.

"Bambo a Vanessa, ichi n'chiyani?" anafunsa.

"Sindinasute ayi. Ndangosunga," anayankha a Cyril, maso ali pa ukonde umene ankasoka.

"Mwasungira ndani?"

"Chinthu cha mwana wakochi chikundiwotcha pakhosi. Ndikakoka, ngati ndameza sanza yopsa. Yatsala koilo imodzi. Ikapsa imeneyi, basi, ndibwerera ku zakwathu."

Eliness anakumbukira masiku aja ankagona pa simenti m'chipatala, akumvetsera ngati amuna ake akupumabe. Anachita mantha. Anamanga vepu ija m'nsalu pamodzi ndi koilo yotsalayo n'kunena kuti, "Dzukani, tiyeni kwa a Anthony."

Anthony anali mnansi wawo amene amakonza mafoni ndi masola ku Chipyela. Nayenso anali kapolo wa ndudu ali ku Mzuzu, ndipo anasiya podzera pa vepu ngati imeneyi mpaka anaisiyanso. Njira ya ku Chipyela a Cyril kale ankaiyenda atasenza dengu la usipa. Tsikuli anaima pansi pa mlambe kuti apeze mpweya, Eliness n'kumayang'ana kumbali kuti asawachititse manyazi.

Anthony atayatsa vepu ija, anatukula maso. "Bambo, ndani anakweza mphamvu mpaka pa 40?"

"Ndine," anatero a Cyril. "Panyanja mwera ukamawomba, ndikakoka sindiona utsi. Ndiye ndimati mphamvu yachepa, n'kudina kabatani kokwezera."

Eliness anapukusa mutu. Msodzi amakhulupirira chimene waona ndi maso: nyali ikawala, injini ikafuka, mbalame zikazungulira pamadzi. Zoti mphepo ingabe nthunzi pakamwa pawo, a Cyril sanaziganizireko.

"Nthunzi imatuluka ndithu, bambo, koma mwera umaiuluza musanaione," anatero Anthony. Anatenga koilo yotsala ija n'kuwalozera timalemba ta m'mbali mwake. "Onani apa. Palembedwa 1.2, kenaka 10 mpaka 14. Nambala yoyambayo ndi maomu, ikusonyeza mmene kawayaka kamakanira magetsi. Zinazo ndi mawati, mphamvu imene koiloyi ingapirire. Koilo ya maomu ambiri ngati iyi imafuna mphamvu yochepa. Ya maomu ochepa ndiyo imalola mphamvu yokwererapo."

"Nanga yoyamba ija bwanji sinkapsa chonchi?" anafunsa Eliness.

"Iyo mwina inali ya maomu ochepa, mayi. Makoilo amatha kufanana maonekedwe koma osafanana mphamvu. N'chifukwa chake iliyonse muziyamba mwawerenga." Kenaka anatembenukira kwa a Cyril. "Injini ya boti lalikulu mungaimange pa bwato?"

"Ndani angachite misala imeneyo? Lingang'ambike."

"Ndi zimene mwakhala mukuichita koiloyi. Kawaya kamatentha kwambiri, timadzi timauma msanga, thonje n'kupsa. Chimene mumakoka pamenepo ndi utsi wa thonje lopsa ndi timadzi topserera. Chifuwa chanu sichifuna zimenezo."



Anthony anadonthezera timadzi pa thonje la koilo yatsopanoyo, anaimanga, anadzaza kathanki, n'kuiimika patebulo. Anati idikire kaye kanthawi kuti thonje linyowe. Kenaka anatsitsa mphamvu kufika pa 10.

"Muziyambira pansi. Mukafuna kukweza, pang'onopang'ono, koma osadutsa 14. Mukamva kakomedwe kopserera, lekani pomwepo."

A Cyril anakoka mokayikira. Anadikira chifuwa chija, koma sichinabwere. Anakokanso, n'kuyang'ana akazi awo ngati mwana amene wapezeka ndi nsomba ya m'mphika.

Anthony sanathere pomwepo. Anawauza kuti vepu asamaisiye padzuwa m'boti, ndipo batire likatentha modabwitsa, likatupa kapena chikopa chake chikang'ambika, asaligwiritsenso ntchito. Batire lapadera lisamakhale m'chitini chimodzi ndi mbedza, chifukwa likakhudzana ndi zitsulo lingathe kuyaka. Botolo la timadzi lizikhala pamwamba, posafika zidzukulu, poti mwana akamwa ndi poizoni.

"Komanso ndisakunamizeni, bambo," anatero Anthony. "Vepu si mankhwala. Nayonso ili ndi zoipa zake m'thupi. Cholinga n'choti mudzaisiyenso. Pitani kuchipatala akakuyezeni chifuwachi, akuthandizeni kuchepetsa mpaka kulekeratu."

Anapitadi tsiku lomwelo, poti chipatala chinali pafupi ndipo Eliness sanafune kumva zoti mawa.

Mwera sunaleke kuwomba chifukwa cha a Cyril. Unapitiriza nyengo yake yonse. M'mawa uliwonse akabwera kunyanja, Eliness ankatenga vepu ija m'thumba la jekete n'kuyang'ana nambala. Tsiku lina a Cyril anamupezerera.

"Ili pa 12, mayi a Vanessa," anatero motopa. "Utsi sindikuuona mpaka lero. Ndangozolowera kusauona."

Chifuwa sichinatheretu, poti zaka za chingambwe sizifufutika ndi nyengo imodzi. Koma koilo ija inakhalitsa mpaka ena anafika pa sitima, ndipo amenewo a Cyril anayamba awerenga asanamange.

Kaphukusi ka chingambwe kaja kanakhalabe m'chitini, mfundo yake yosamasulidwa. Tsiku lina nsabwe zitagwa pa mpiru wa kudimba, a Cyril anakatulutsa okha n'kumupatsa Eliness.

"Kaviike m'madzi, upopere ndiwozo," anatero. "Fodya ameneyu akufuna kupha, aphe nsabwe."

Eliness anakalandira. Anakhala pansi pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala kumene amuna ake anagonekedwa kuja, anapuma mpweya wautali.

Phunziro lake ndi ili: ngati mukugwiritsa ntchito vepu posiya fodya, werengani manambala olembedwa pa koilo iliyonse, yambirani pa mphamvu yotsika, ndipo musadutse malire ake ngakhale nthunzi isakuoneka. Samalani batire, ndipo timadzi tikhale kutali ndi ana. Ngati simusuta, musayambe vepu. Ngati mumasuta, a zaumoyo alipo kuti akuthandizeni kusiya zonse ziwiri.