Kalilole wa Mlonda wa ku Sakara

Medhat adauzindikira mkanjo wotuwawo akadali patali, pakhomo la manda a nduna ya Farao, kuseri kwa piramidi ya ku Sakara: udali wa bambo ake. Lachiwiri bambo ake sagwira ntchito. N'chifukwa chake adasankha tsikuli kuti ayendetse bwenzi lake Shuruk pamodzi ndi bambo a mtsikanayo, Dokotala Fikri a ku Kairo, munthu yemwe nsapato zake sizidziwa fumbi. Adawauza kalekale kuti bambo ake ndi "akuluakulu ku zofukula zakale". Ukulu wake ndi umenewu: mlonda wa makiyi awiri ndi kalilole wobenthuka, amene lero adalowa m'malo mwa mnzake.

"Takulandirani, mabwana," adatero bambo akewo, a Abdelati, akutsegula loko. Adayang'ana tayi yatsopano ya mwana wawo, adayang'ana mtsikanayo, kenako adagwetsa maso. Madalawo adamva zonse popanda wowauza.

M'mandamo mulibe magetsi. Mlonda amaima pakhomo, n'kukola dzuwa ndi kalilole, n'kuliponya pa zithunzi za pakhoma zomwe woperekeza alendo ngati Medhat akufotokoza. Medhat asanatchule asodzi, kuwala kudali kale pa ukonde. Asanafike pa mbusa wosenza mwana wa ng'ombe powoloka mtsinje, kudali kale pa ng'ombe yaikazi yolirira mwana wakeyo m'mbuyomo. Nanga n'kudabwa? Nkhani zonsezi adaziphunzira ali pamapewa a munthu yemweyo.

"Iwe Medhat, gogoyu akukuposa ntchito!" adaseka Dokotala Fikri. "Kodi mumadziwana?"

"Timangoonana kuntchito kuno, adokotala."

Mawuwo adatuluka mosavuta, ndipo kusavuta kwakeko n'kumene kudamuchititsa manyazi koposa.

Potuluka, adokotala adamukankhira Medhat ndalama ya pepala m'manja.

"Kampatse ya tiyi. Ine sindidziwa mmene mumawapatsira anthu amenewa."

Ya tiyi saperekera poyera. Umaipinda kanayi, n'kuibisa m'chikhatho, n'kupereka moni. Medhat adachita zimenezi kwa alonda ambirimbiri, osaganizapo kawiri. Adaipinda. Adagwira dzanja lokhakhala lomwe lidamuphunzitsa kugwira pensulo. Akadangonena kuti "adokotala, awa ndi bambo anga", zikadatha. Sadanene.

"Mulungu akuwonjezereni, bwana," adatero a Abdelati mokweza, kuti alendowo amve. Kenako motsitsa: "Mtsikanayu ndi wabwino, mwana wanga. Amayi ako sindiwauza. Pita, akukudikira."

"Ababa..."

"Medhat! Tiye, dzuwa latiwotcha!" adaitana Shuruk, akutembenuka.

Kalilole adali akadali m'dzanja lamanzere la madalawo, ndipo kuwala kwake kudagwera pankhope ya Medhat, pomwe misozi idali itafika kale pachibwano. Mtsikanayo asanaone, a Abdelati adamutembenuza kalilole uja, n'kumubisa pachifuwa pawo.