Mmene Ndinavekera Mlendo wa ku Portugal

Amayi ndinawaona komaliza ali moyo pamalo okwerera basi, kumunsi kwa mudzi wathu wa m'mapiri a Yamagata. Ndinkabwerera kukoleji ku Sendai tchuthi cha Chaka Chatsopano chitatha. Anandipatira kaphukusi ka mpunga woumba n'kundiuza kuti ndikamete, ati mutu wanga unkaoneka ngati tsache. Basi isananyamuke n'komwe anali atatembenuka kale, akuthamangira kukayalula m'zipinda za alendo. Patatha milungu isanu anagwa m'khitchini osadzukanso.

Kukoleji sindinabwererenso. Nyumba yathu yogona alendo ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo pamafunika munthu wolandira anthu pakhomo. Bambo amangodziwa kuphika.

Thupi litawotchedwa, mafupa tinabwera nawo kunyumba m'bokosi lokutidwa ndi nsalu yoyera. Mwamwambo wathu, ankayenera kupita kumanda a kukachisi pa tsiku la 49 chimwalirireni amayi. Tsikulo linakwana, wansembe anabwera kudzapemphera, koma bambo anati kumanda kudakali chipale chofewa. Chipalecho chinasungunuka, maluwa a m'mitengo anaphuka mpaka kuyoyoka, bokosi lili pomwepo m'chipinda chamkati. Azakhali a Fumie, mlongo wawo wamng'ono wa bambo, ankabwera m'mawa uliwonse kudzathandiza ndi kudzakalipa. Ankati munthu wagwira ntchito zaka makumi atatu m'nyumba muno, ndiye ngakhale wamwalira osamulola kuweruka. Bambo ankangopitiriza kudula nsomba. Ndinkadutsa pachitseko cha chipindacho kambirimbiri patsiku, ndipo nthawi zonse ndinkayenda monyang'ama ngati muli wodwala.

Kumapeto kwa Meyi kunabwera mlendo wa ku Portugal, Bambo Anselmo, nkhalamba yonenepa yokonda kuseka. Ankajambula chilichonse, ngakhale masilipasi a kuchimbudzi, ndipo ankaweramira aliyense, ndi wobweretsa makalata yemwe. Alendo otere amanditopetsa. Amafuna kuti nawenso uzisangalala.

M'mawa mwake anandiitanira kuchipinda chake atanyamula yukata, mkanjo umene timaikira mlendo aliyense pamphasa. Chingelezi chake ndi changa chinali chothyokathyoka, koma ndinamva kuti akufuna kukadya atavala ngati ife. Imeneyi inali ntchito ya amayi. Ndinaima kutsogolo kwake, ndinapinda mbali imodzi, inayo n'kuibweretsa pamwamba, n'kumanga lamba. Manja anachita okha, ine maganizo ali pa mbale zosatsuka.

Pamene ankatsika, azakhali anali akugawa supu. Anamuyang'ana chipande chili m'mwamba, kenako anandinong'oneza, kunong'ona kwake komveka nyumba yonse.

"Shunpei, mlendo wakoyu wamwalira liti? Koma njala yokha sinamuthere."

M'pamene ndinaona. Mbali yakumanja inali pamwamba pa yakumanzere. Amoyo savala choncho. Timaveka choncho maliro okha.

Bambo Anselmo anakhala pansi akumwetulira, n'kupatsa azakhali foni kuti amujambule. Azakhali anakana ndi manja onse awiri, uku akuseka mwamanyazi, ndipo phokosolo linatulutsa bambo m'khitchini. Anaima pakhomo akupukuta m'manja, n'kundiuza kuti ndimufunse mlendoyo amene wamuveka. Sindinamasulire n'komwe. Iye anazindikira kuti tikunena za mkanjo wake, ndipo anandiloza monyadira.

"Zaka ziwiri zonse kukoleji," anatero azakhali, "kumanja ndi kumanzere osakusiyanitsa."

Bambo sanaseke. Iwo analipo tsiku limene anthu okonza maliro anandigwiritsa mkanjo woyera wa amayi n'kundionetsa mbali yoyamba kupinda. Kufikira m'mawa umenewo, ndi kokhako kamene ndinavekapo munthu wina mkanjo.

Bambo anamukodola mlendoyo, anapita naye kuseri kwa chitseko, anamasula lamba n'kusintha mbalizo. Atabwerera, Bambo Anselmo anandifunsa chimene chinalakwika. Ndikanatha kunama monga ankachitira amayi, kuti mbali inayo ndiyo imakhalitsa bwino. Koma ndinali nditatopa. Ndinamuuza kuti ndinamuveka ngati munthu wakufa. Anayamba kuseka, n'kuona kuti akuseka yekha. Anadya mpunga ndi nsomba yake, foni itagona chafufumimba pambali pa mbale. Ndinamumvera chisoni. Munthu anachoka kutali kuti adzangodya atavala bwino.

Masana, mlendo atapita kukaona mathithi, bambo anandipeza ndikutsuka mbale. Anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta, ntchito imene sindinawaonepo akugwira.

"Tulo umatiwona, iwe?"

"Pang'ono."

"Ine ndimayesa kuti ndili ndekha."

Anapukuta mbale imodzi yomweyo mpaka kalekale. Ndinkafuna kuwauza kuti si kanthu, kuti aliyense amasokoneza akamaveka mnzake atayang'anizana, koma onse awiri tinkadziwa kuti si zimenezo. Kenako anati ndikawatengere nambala ya kukachisi, ili pakapepala kamene amayi anamata pambali pa foni. Azakhali, amene ankasenda anyezi pakona, anasiya mpeni n'kutsegula pakamwa.

"Fumie, usanene kanthu."

"Ndanena kanthu ine, achimwene? Ndi anyezi awa."

Bambo analankhula ndi wansembe pafoni ali chiimire, mawu ochepa, akuweramira khoma. Bambo Anselmo ananyamuka mawa lake pa basi yoyamba. Yukata anaisiya ataipinda molakwika koma mosamala, ndipo pakhomo anaweramira bambo nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

Mafupa a amayi tinawaika m'manda pa 9 Juni 2019.