Hedi Imene Bambo Anasiya Pabenchi

Bawuti anazimitsa girayinda, kamakina kosemera chitsulo, n'kusuzumira m'bowo limene ankasema. Pakhoma la bowolo panali kadontho kakuda, kochepa ngati diso la singano. Anapukuta ndi chala poganiza kuti ndi fumbi, koma kadonthoko sikanachoke. Anatola kawaya pabenchi n'kukalowetsa pamenepo, ndipo kanangolowa osaima, mpaka kukafika m'njira ya madzi oziziritsa injini. Anali ataboola hedi ya mwiniwake.

Hediyo, chivindikiro cha aluminiyamu chimene chimakhala pamwamba pa injini, inali ntchito yomaliza ya bambo ake. Moyo wawo wonse malemuwo ankasema njira zimene mpweya umalowera ndi kutulukira mu hedi, kuti injini za magalimoto ampikisano zizipuma bwino n'kukhala ndi mphamvu. Pa hedi iyi anali atamaliza mabowo awiri pamene anagwa m'galaja, ndipo sanabwererenso kuchokera kuchipatala. Maliro atatha, achibale atabalalika, Bawuti anauza mayi ake kuti otsalawo amaliza yekha. Bawuti anali makaniko wodziwika, wa magiya ndi mabuleki, moti injini ankatha kuimasula n'kuimanganso akucheza. Koma girayinda yaing'onoyo bambo ake sankamulola kuigwira. Ankati dzanja lake limafulumira kuposa maso ake.

Mayi ake anafika pakhomo la galaja ndi kapu ya tiyi. Anaona mwana wawo atakhala pa tayala, manja ali pamutu, ndipo sanafunse zambiri. Anaika kapu ija pawindo n'kuyang'ana kawaya kamene kanali kakadali m'bowomo.

Mwini galimoto anabwera masana a tsiku lomwelo. Anali bambo wa mathiraki, wamimba pang'ono, amene Loweruka lililonse ankavala chisoti n'kukathamangitsa galimoto yake yofiira. Anayamba wapepesanso maliro, kenako Bawuti anamuonetsa chimene chachitika. Bamboyo anazungulira benchi, n'kuunika m'bowomo ndi tochi ya pafoni. Bawuti akanakonda akanamukalipira. M'malo mwake bamboyo anangonena mofatsa kuti hedi ya mtundu umenewo sipezekanso wamba, ndipo mpikisano uli kumapeto kwa mwezi. Pobooka pakhoza kuwotchereredwa, anatero, koma pambuyo pake pakufunika munthu wodziwa kuti chitsulo chatsala chochuluka bwanji kuseri kwa khoma lililonse, ndiponso woti afananitse mabowo otsalawo ndi a malemu, kuopa kuti injini ingamapume mbali imodzi.

Bawuti anatchula mmisiri wina wa pafupi ndi depoti ya mabasi. Mwini galimoto anaseka pang'ono. Anati uyo anamuyesapo kale, amapukuta mabowo mpaka munthu kumadzionamo nkhope, koma galimoto ikafika pachitunda imatsokomola ngati nkhalamba. Bawuti anatchulanso wina wakutali amene ali ndi makina oyezera mpweya. Uyonso ayi: mahedi amakhala mulu pakhomo pake, ndipo akati mawa ndiye kuti chaka chamawa.

"Koma mukuvutikiranji?" anafunsa bamboyo, akuyang'ana mayi aja, amene anali ataima pakhomo. "Bwanji osapita nayo kwa mwana wanu wamkazi? Malemu ananditengerako tsiku lina. Anati, uyu ndi mwana wanga, ine ndikadzatopa muzidzabwera kuno. Ndinadabwa kuti pamaliro sindinamuone poika maluwa. Kapena anali atadwala?"

Bawuti anayamba kusonkhanitsa masipanala amene anali kale pamalo pake. Mayi ake anati akaone ketulo, ngakhale panalibe ketulo pamoto. Bamboyo anazindikira kuti waponda pamene sanayenere kuponda, ndipo anatsanzika mwachangu, n'kuisiya hedi pabenchi pomwepo.

Mwana wamkaziyo sanali wa mayiwo. Anabadwa kwa mkazi wina, Bawuti akuphunzira kuyenda. Banja linagwedezeka koma silinathe, chifukwa mayiwo anaika lamulo lawo: mwanayo asadzaponde pageti pawo, ndipo asadzatchulidwe m'nyumba mwawo. Amuna awo anasunga lamulolo mpaka imfa. Pakafunika kumunena, ankangoti "mwana uja". Kuti Loweruka lililonse bambowo ankati akupita kukasaka masipeyala, n'kubwerako chimanjamanja, mayiwo ankaona, koma anasankha kusafunsa.

Pa tsiku la maliro mwana uja anabwera. Anaima kunja kwa geti, atavala diresi lakuda limene linkaoneka kuti ndi lobwereka, maluwa ali m'manja. Mayi anamuona pawindo, n'kutuma Bawuti kuti akamuuze kuti asalowe ndipo asatsatire kumanda, anthu angayambe kunong'onezana. Bawuti anapita n'kukanena zimenezo, maso ali pa nsapato zake. Mtsikanayo sanatsutse. Anangomupatsa maluwa aja kuti akawaikire. Bawuti anawaponya m'buti ya galimoto yake kuti mayi ake asawaone, ndipo anadzawakumbukira atafota kale.

Madzulo a tsiku la hedi lija, awiriwo anakhala patebulo chakudya chikuzizira. Bawuti ananena kuti bola akafunefune hedi ina kwa ophwasula magalimoto akale, ngakhale zitatenga miyezi. Anati iye sangakaime pamaso pa mtsikana amene anamubweza pageti, atanyamula chitsulo chimene waboola yekha. Mayi ake anamufunsa ngati akuganiza kuti iwo n'kowapepukira. Mayiwo ankapinda ndi kutambasula kansalu ka patebulo.

"Bambo ako sanabwezepo ntchito ya munthu ili yoonongeka," anatero pamapeto pake. "Sitiyamba ife iwo atangogona kumene. Mawa unyamule. Ndipita nawe."

M'mawa mwake anakulunga hedi m'bulangete lakale n'kuigoneka pampando wakumbuyo. Mwini galimoto anali atawalongosolera njira pafoni. Unali msewu wopapatiza, wodzaza ndi owotcherera mageti, osoka mipando ya magalimoto ndi ogulitsa mabatire. Bawuti anatsitsa galasi n'kufunsa bambo wina wopenta kumene kuli mtsikana wosema mahedi. Funsolo linamutuluka movutikira, chifukwa anazindikira kuti sankadziwa n'komwe mmene angamutchulire.

"Mukunena a Chala?" anatero wopentayo. "Chitseko chobiriwiracho. Amayeza ndi chala, n'chifukwa chake. Mukawapeza ali mkati mwa ntchito musawadzidzimutse, amaluma."

Kachipindako kanali kakang'ono koma kosesedwa bwino. Mipeni ya girayinda inali itandandalikidwa pathabwa, kuyambira waung'ono mpaka waukulu, ndipo nyali inali itapachikidwa motsika pamwamba pa benchi. Chala anatembenuka, n'kukweza magalasi ake pamphumi. Anali ndi chibwano cha bambo ake, ndipo mayi aja anachiona nthawi yomweyo n'kuyang'ana kumbali. Mtsikanayo anapukuta manja pa ovolosi, n'kukoka mpando umodzi wokha umene unalimo, kuupukutanso, n'kuwapatsa. Anawapatsa moni mwaulemu, akuti amayi, n'kumutcha Bawuti achimwene. Liwu limenelo linamuwawa Bawuti kuposa chipongwe chilichonse chimene ankayembekezera.

Bawuti anafotokoza nkhani yake mwachidule, osadzikhululukira. Chala anavundukula bulangete, ndipo ataona mabowo awiri omalizidwa aja anaima kaye. Analowetsa chala m'limodzi, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono kutsata kupindika kwake. Kenako anapita pa bowo la Bawuti. Analiunika, analigogoda ndi kachitsulo, n'kunena kuti pamalo amenewo khoma limakhala lopyapyala pa mahedi onse a mtundu umenewo, ndipo iyenso anaboolapo angapo akuphunzira. Wowotcherera aluminiyamu wabwino analipo mumsewu womwewo. Akatseka, iye adzasema pamwamba pake, ndipo ikhoza kutha mpikisano usanafike.

Mayi aja anali atakonza mawu ambiri m'galimoto, koma onse anawathawa. Anangofunsa kuti ndiye ntchitoyo aigwira.

"Ndi ya bambo, ndiigwira," anatero Chala. Anavundikira mabowo awiri aja ndi kansalu, n'kuwonjezera motsitsa mawu: "Ndili ndi pempho limodzi lokha, amayi. Sindikudziwa pamene anagona. Ndinapita kumanda tsiku lotsatira, koma mitumbira yatsopano inalipo yambiri. Ndinaopa kulira pa bambo a eni ake."

Bawuti anatuluka panja ngati wina wamuitana. Mayi aja anatsala atakhala pampando, chikwama chili pamiyendo, akuchigwira ndi manja onse awiri. Panja wina ankamenya chitsulo ndi hamala. Kenako mayiwo anati amutengerako okha Lamulungu likubwerali, ndipo akadzachoka kumandako adzafikire kunyumba, chifukwa m'galaja muli zida zimene palibe wina angazigwiritse ntchito.

"Mudzalowere pageti," anatero mayiwo.

Chala anangogwedeza mutu. Naye sankadziwa koika maso ake, choncho anatembenukira kubenchi n'kunena kuti ayambe wayeretsa pobookapo, kuti wowotcherera aone bwino kukula kwake. Mayi anafuna kudzuka kuti amusiyire malo, koma iye anati akhale, sizitenga nthawi. Anasankha mpeni woonda n'kuumangirira ku girayinda. Asanayatse, anatambasula dzanja n'kutenga zotsekera m'makutu zimene zinali pamsomali, zakale, zomangidwa ndi tepi pamene zinathyoka. Anapita nazo kwa mayi aja.

Iwo anakana, nati avale yekha, ndiye amene ali pafupi ndi phokoso.

"Bambo sankayatsa girayinda munthu woima pambali asanatseke makutu," anatero Chala. "Zinali zimodzi zomwezi. Kuyambira ndili wamng'ono ankandiveka ine, iwo n'kugwira ntchito choncho."

Mayi anakumbukira zaka zonse zimene ankaitana amuna awo kawiri katatu asanayankhe, ndi mmene ankawanenera kuti akudzigonthetsa dala kuti asamve za pakhomo. Bambowo ankangomwetulira n'kutembenuza khutu linalo.

Mayiwo anavula duku lawo pang'ono n'kuweramitsa mutu. Chala anawaveka mosamala, n'kukonza mbali imodzi imene inapinda khutu, kenako anabwerera pabenchi, anatsitsa magalasi ake n'kuyatsa girayinda.